Zimene zili pansi pa mayani a Dzalanyama

Achewa akamafotokoza chiyambi cha dziko amaloza ku Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama. Amati kumeneko n'kumene Chauta anatsikira ndi mvula yoyamba, pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, thanthwe lidakali lofewa, n'chifukwa chake mapazi awo anadindika pamwalapo. Onse ankakhalira limodzi mpaka tsiku limene munthu anapeka moto ndi timitengo tiwiri. Udzu unayaka, tchire linagwirira, nyama zinabalalika zili ndi mkwiyo, kupatula galu ndi mbuzi zimene zinathawira kwa munthu yemweyo, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Anthu amene anasunga nkhaniyi ankalidziwa bwino tchire la miombo. Ankadziwa kuti moto ukalowa m'nkhalango, choyamba kupsa ndi udzu ndi mayani a pansi, mitengo imadzamva pambuyo.

Mayaniwo ndi amene ndikufuna kulondola mbiri yake. Za Dzalanyama zalembedwa zambiri: mitengo imene yatha, matumba a makala, madzi a mzinda wa Lilongwe, asilikali. Kachigawo kamene kali pakati pa phazi la munthu ndi dothi, kokhuthala zala ziwiri kapena zitatu basi, sikalowa m'kaundula wa chuma. Chonsecho malo otere, m'nkhalango za maiko ena, ndi amene anabala ena mwa mankhwala amene lero mlimi wa tomato ku Mitundu ndi ku Nathenje amagula ndi ndalama zake kuti mbewu zisapse ndi chiwawu.

Mukalowa m'nkhalangoyi mu Januwale, mvula itakhazikika, gwadani pansi pa mombo kapena msuku ndi kuvundukula mayani ndi dzanja. Apamwamba ndi amene anayoyoka m'chilimwe chathachi, akadali ndi maonekedwe a tsamba. Pansi pake pali omatirana, ndipo mukawalekanitsa mumaona timaulusi toyera ta fangasi, wa m'banja la bowa ndi nkhungu, titayanga kuchoka pa tsamba ili kupita pa linzake. Ena ayera mbuu mbali imodzi, mbali inayo ada bii. Pa katsamba kamodzi mukhoza kupeza tibowa tiwiri kapena titatu ta timiyendo towonda kwambiri, timene timafota dzuwa likawomba n'kudzukanso mvula ikagwa. Mukathyola nthambi yowola, nthawi zina mkati mwake mumakhala mizere yakuda yokhotakhota. Amenewo ndi malire. Fangasi wina analowera mbali iyi, wina mbali iyo, ndipo pamene anakumanapo aliyense anatseka njira ya mnzake.

Fangasi sathawa. Chakudya chake ndi tsamba lomwe wagwerapolo, ndipo tsambalo akulifunanso mafangasi ena ndi mabakiteriya. Zida zake ndi mankhwala: amatulutsa timadzi toletsa mnansi kukula, kapena tomusungunula khungu, kapena tomutseka mpweya. Tsono matenda ambiri a mbewu zathu, chiwawu cha chimanga, dzimbiri la soya, kuwola kwa mizu ya nyemba, kugwa kwa mbande panazale, amayambitsidwa ndi mafangasi. Chida chimene fangasi wa m'mayani anasulira mnansi wake chikhoza kugwiranso mdani wa m'munda. Mfundo yonse ndi yomweyi, ngakhale kuti zinatenga zaka makumi angapo kuti anthu aisandutse botolo la mankhwala.

Oyamba kuphunzira za pansi pa nkhalangoyi anali amayi. Kuzula bowa ndi ntchito yawo kuyambira kalekale, ndipo mtsikana amaphunzira potsatira agogo ake m'mamawa, mame asanaume: uyu ndi utale, amamera pachulu, tating'ono tochulukati ndi manda, awa ndi manyame, uyu wotuluka m'kathumba koyera ndi ndelema, uyo musiye, sadyedwa. Jessie Williamson analemba ena mwa mainawa m'buku lake la zomera zothandiza za dziko lino, limene linatuluka koyamba mu 1955, ndipo Brian Morris anatulutsa buku la bowa wa m'Malawi mu 1987, ataphunzira zambiri kwa amayi a kumidzi. Morris anaona kuti chidwi cha amayi chili pa ndiwo. Bowa wodyedwa ali ndi maina ambirimbiri, pamene wosadyedwa amangoponyedwa m'gulu limodzi la zopanda ntchito. Palibe chowadzudzulira. Mayi wofuna ndiwo za ana sangathere m'mawa wake pa kabowa kosadzaza ndi supuni yomwe. Kungoti mbiri ya mankhwala inadzasonyeza kuti m'gulu lonyozekalo munabisala zambiri.

Chinanso chimene amayi anachidziwa sayansi isanachifotokoze n'chakuti manyame ndi ndelema salimidwa, ndipo sapezeka pamene mitengo yagwetsedwa. Ulusi wawo umakulunga timizu ta mombo, mtondo ndi msuku. Fangasi amakokera mtengo madzi ndi michere ya m'dothi losaukali, mtengo n'kumamubwezera shuga, ndipo muzu wokulungidwa chotere mafangasi owononga amavutika kuulowa. Utale ndi manda ali ndi alimi awo, chiswe, chimene chimatuta mayani ndi timitengo kulowetsa m'chulu n'kumalimapo fangasi wa mtundu umodzi wokha, ena onse n'kumawachotsa.

Moto nawo unali ndi eni ake. M'munsi mwa mapiriwa munali kachisi wa ku Msinja, kumene kunkakhala Makewana, mayi wopempha mvula m'malo mwa anthu onse, ndipo pa phiri la Bunda panalinso kachisi wa mvula. W.H.J. Rangeley analemba za Msinja mu 1952, ndipo Matthew Schoffeleers, mu 1971, anafotokoza kuti kutentha tchire kunali mwambo wokhala ndi nyengo yake ndi woulamula. Nkhalango za pa akachisi ndi za kumanda nkhwangwa sinkalowamo mwachisawawa. Nkhondo za Angoni za m'theka lachiwiri la zaka za m'ma 1800 zinapasula Msinja, ndipo mphamvu ya akachisi pa tchire sinabwererenso mwakale.

Boma la atsamunda linatseka mapiriwa mu 1911 monga malo osungirako nyama, ndipo mu 1922 linawalemba kukhala nkhalango yotetezedwa, imene lero ndi ya mahekitala pafupifupi 99,000, kuyambira ku Dedza, kudutsa Lilongwe, mpaka ku Mchinji, motsatira malire a Mozambique. Chachikulu chinali madzi, pakuti mitsinje ya Lilongwe, Likuni ndi Diamphwe imayambira muno. Pa nthawi yomweyo chigwa cha Lilongwe chinali kusanduka dziko la fodya. A.F. Barron ndi R.W. Wallace anayamba ku Mbabzi mu 1920, Native Tobacco Board inakhazikitsidwa mu 1926, ndipo fodya wa chikopa, wofuna nkhuni zomufukizira utsi, anafalikira m'midzi. Chaka chomwecho cha 1926 mkulu wa za nkhalango, J.B. Clements, anayambitsa nkhalango za m'midzi zoyang'aniridwa ndi mafumu. Clements yemweyu analemba mu 1941 za mmene paini analowera m'dziko muno. Poyamba mbande zinkangokhala zopinimbira ndi zachikasu, kufikira pamene anazithirira dothi lotapidwa pansi pa paini amene ankakula bwino. M'dothimo munali fangasi wa mizu ya paini, amene kuno kunalibe. Mpaka lero wofesa paini amakatapa dothi pansi pa paini wakale, ndipo paini wa ku Katete, m'kati mwa Dzalanyama momwemo, akudalira mnzake wosaonekayo.

Kutsidya kwa malire, ku Ndola, akatswiri a nkhalango anadula timinda ta miombo mu 1933, tina n'kumatitentha udzu udakali wauwisi pang'ono, tina kumapeto kwa chilimwe, tina osatentha n'komwe. C.G. Trapnell atalemba zotsatira zake mu 1959, zinaoneka kuti moto wochedwa, ukabwerezedwa chaka ndi chaka, umamaliza mitengo ya miombo, pamene moto wofulumira nkhalango imaupirira.

Koma phunziro lalikulu la dziko lino pa za fangasi kugonjetsa fangasi mnzake linachokera ku Mulanje. Eni minda ya tiyi ankagwetsa nkhalango n'kudzala tiyi pakati pa zitsa, ndipo pakapita zaka zochepa tiyi ankayamba kufa m'magulumagulu, kuyambira pafupi ndi chitsa n'kumafalikira. Ukazula chitsamba chakufacho unkapeza tsinde litang'ambika m'litali, ndipo pansi pa khungwa patayala zoyera zonunkha bowa. Wopha anali Armillaria, fangasi amene m'nkhalango yosagwetsedwa amangokhala phee m'mizu ya mitengo. E.J. Butler, katswiri wa matenda a mbewu amene anabwera kuchokera ku England, anamutchula m'lipoti lake la 1928 la matenda a tiyi ndi fodya a ku Nyasaland. Chochita chinali kukumba zitsa ndi mizu yonse ndi makasu, ntchito yowawa imene inkagwera pamsana pa anthu athu a m'maesiteti, ndipo timizu tina tinkatsalabe.

Robert Leach, amene ankagwira ntchito ya matenda a mbewu m'dziko muno, anaiyang'ana mizuyo mwachifatse. Anapeza kuti Armillaria amafuna muzu wodzaza ndi chakudya chimene mtengo unasunga. Mtengo ukagwetsedwa uli wathanzi, mizu yake imatsala ngati nkhokwe yodzaza yopanda mwini, ndipo Armillaria amalowamo, kunenepa, n'kuwolokera pa mizu ya tiyi imene yakhudzana nayo. Ndiye Leach anayesa kusenda khungwa mozungulira thunthu n'kuusiya mtengowo uli chiimire kwa miyezi yambiri usanagwetsedwe. Madzi ankakwerabe kupita kumasamba, koma shuga wochokera kumasamba sankatsikanso, ndipo mizu inkadya zimene inasunga mpaka kutha. Muzu wotere ukafa, ofika msanga anali mafangasi wamba owoletsa, osavulaza tiyi, ndipo akadzaza muzuwo Armillaria ankasowa polowera. Zotsatira zake anazisindikiza mu 1937 ndi mu 1939, ndipo njirayi inatengedwa m'minda ya tiyi ndi ya mitengo m'maiko ena. M'mabuku a matenda a mbewu imatchulidwa m'gulu la zitsanzo zoyambirira za kulimbana ndi matenda a mizu pogwiritsa ntchito zamoyo zinzake. Panalibe botolo, panalibe chopopera. Panali nkhwangwa, kudikira, ndi mafangasi a m'dothi la Mulanje momwemo. Makolo athu ankasenda kale makungwa kuti mtengo uume uli chiimire potsegula munda. Leach anaona chimene chinkachitika pansi. Zimandiwawa kuti mwana wa sukulu kuno amamva za Alexander Fleming ndi penisilini wa 1928 koma za Mulanje samva, chonsecho zinachitikira pakhomo pake.

M'zaka zomwezo ku California, Richard Weindling ankafufuza chimene chinkagwetsa mbande za malalanje panazale. Mu 1932 analemba kuti nkhungu yobiriwira ya m'dothi ndi ya pa mitengo yowola, yotchedwa Trichoderma, imazinga ulusi wa Rhizoctonia, fangasi wogwetsa mbandeyo, n'kuupha. Pofika 1936 iye ndi O.H. Emerson anali atapatula poizoni amene nkhunguyo imatulutsa, amene anadzatchedwa gliotoxin. Sanasanduke mankhwala a m'munda chifukwa amavulazanso nyama ndi anthu. Izi n'zofunika kuzikumbukira masiku ano pamene chilichonse chochokera kutchire chikugulitsidwa ngati chosaopsa. Poizoni wa chuku cha mtedza nayenso ndi wachilengedwe.

Mu 1939 akatswiri atatu ku London, Oxford, Raistrick ndi Simonart, anapatula mankhwala ena mu nkhungu ya Penicillium griseofulvum, n'kuwatcha griseofulvin. P.W. Brian ndi anzake anaona kuti amapotokola ulusi wa mafangasi owononga mbewu, ndiponso kuti mbewu imawamwa kudzera m'mizu n'kuwafikitsa kumasamba. Kumunda sanapite patali. Mu 1958 J.C. Gentles wa ku Glasgow anasonyeza kuti akamwedwa amachiza chipere. Mayi amene walandirira mwana wake mapiritsi a chipere cha m'mutu kuchipatala nthawi zambiri amakhala walandira omwewa.

Nkhani imene imafika mpaka pa shelefu ya sitolo ya zaulimi inayambira pa bowa amene wofuna ndiwo sangamuweramire. Ku Czechoslovakia, m'zaka za m'ma 1960, Vladimír Musílek anapeza mankhwala opha mafangasi mu bowa woterera womera pa mitengo ya beech. Anawatcha mucidin, ndipo ankapakidwa pa matenda a pakhungu. Mu 1977 ku Germany, Timm Anke ndi Wolfgang Steglich analengeza za mankhwala amene anawapeza mu Strobilurus tenacellus, kabowa kakang'ono kamene kamamera pa zipatso zouma za paini zimene zagwa n'kukwiririka m'mayani. Anawatcha strobilurin, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti strobilurin A ndi mucidin ndi chinthu chimodzi. Amatseka njira imene selo la fangasi limapumira n'kupezera mphamvu, kotero kuti njere ya fangasi ikagwera pa tsamba lopoperedwa imalephera kumera. Kabowako sikadzipha kokha chifukwa pamalo pamene mankhwalawo amakola, thupi lake linapangika mosiyanako pang'ono.

Atawayesa pa mbewu anakhumudwa. Pansi pa mayani dzuwa silifika, choncho kabowako sikanafunikirepo mankhwala opirira kuwala, ndipo pa tsamba la pamtetete ankasweka msanga. Akatswiri a makampani awiri, ICI ku England ndi BASF ku Germany, anatha zaka pafupifupi khumi akusintha kapangidwe kake pang'onopang'ono, kusunga mbali yopha n'kumalimbitsa mbali yosweka. Ku ICI kokha anapanga mitundu yoposa 1,000 asanakhutire ndi umodzi. Onse awiri analengeza zawo pa msonkhano wa ku Brighton mu 1992, ndipo mu 1996 azoxystrobin ndi kresoxim-methyl analowa pamsika. M'zaka zochepa azoxystrobin anakhala mankhwala opha mafangasi a m'munda ogulidwa kwambiri pa dziko lonse. Mukawerenga timalemba tating'ono ta pa mabotolo a mankhwala a tomato, soya ndi chimanga, dzina lililonse lothera ndi strobin ndi mdzukulu wa kabowa ka pa paini kaja.

Mu 1998, patangopita zaka ziwiri, nkhungu yoyera ya tirigu kumpoto kwa Germany inasiya kuwamva. Kusintha kwa kachidutswa kamodzi kokha m'thupi la fangasi kunakwanira. N'chifukwa chake alangizi amati musapopere mtundu umodzimodzi nthawi zonse, muzisinthanitsa. N'chifukwa chakenso kusaka mankhwala atsopano sikungaime, ndipo osaka akubwererabe m'nkhalango. David Hawksworth ndi Robert Lücking anayerekeza mu 2017 kuti pa dziko pali mitundu ya mafangasi pakati pa 2.2 miliyoni ndi 3.8 miliyoni. Imene yapatsidwa maina ndi pafupifupi 150,000, ndipo yambiri mwa yosadziwikayo ili m'maiko otentha ngati lathu.

Tibwerere ku Mitundu. Nazale ya fodya imakonzedwa m'chilimwe, m'mphepete mwa dambo. Njira yakale ndi younjika mapesi pa bedi n'kuyatsa, kuti moto uphe njere za udzu ndi tizilombo ta m'dothi. Kenako kunabwera methyl bromide, mpweya wothiridwa pansi pa pulasitiki, wopha chilichonse. Malawi anasiya kuugwiritsa ntchito kumapeto kwa 2004 potsatira pangano la Montreal loteteza mlengalenga. Moto ndi mpweya zili ndi vuto lofanana: zimapha mdani pamodzi ndi omuletsa. Bedi likatsala lopanda kanthu, fangasi woipa akabwereramo ndi dothi la pakhasu kapena madzi a m'keni amayenda popanda womutsekereza, ndipo mlimi amadzuka m'mawa n'kupeza mbande zitawola m'chiuno, zitagona chigamba chonse. Ku Kutsaga, malo ofufuzira za fodya pafupi ndi Harare, J.S. Cole ndi Z. Zvenyika analemba mu 1988 kuti kuthira Trichoderma harzianum panazale kumachepetsa kuwola kwa tsinde la fodya wowokedwa, ndipo pambuyo pake Kutsaga inayamba kumuchulukitsa n'kumagulitsa kwa alimi. Ndi ntchito ya Weindling ija, itafika pa fodya wa m'chigawo chathu patapita zaka 56.

Chitsanzo chapafupi kwambiri ndi cha chuku. Dziko linadziwa za poizoni wake mu 1960, nkhukundembo zoposa 100,000 zitafa ku England ndi chakudya chosakaniza mtedza wa ku Brazil, ndipo kuyambira pamenepo misika ya ku Ulaya inakhwimitsa malire amene mtedza wathu wakhala ukuvutika nawo. Fangasi wake ndi Aspergillus flavus, koma si a m'banjali onse amene amapanga poizoni. Bungwe la IITA, limene lili ndi ofesi ku Chitedze, linasankha opanda poizoni ochokera m'minda ya alimi a kuno, n'kuwapaka pa njere za mapira zopakidwa utoto wabuluu. Mlimi amamwaza makilogalamu 10 pa hekitala, masabata awiri kapena atatu mbewu isanachite maluwa, ndipo opanda poizoniwo amadzaza munda oipawo asanafike. Dzina lake ndi Aflasafe. Sanachokere m'nkhalango, ndipo sapha mnzake ndi mankhwala, amangomulanda malo, monga mafangasi a m'mizu ya ku Mulanje aja. Koma wasonyeza kuti fangasi wa m'dothi lathu, amene anazolowera dzuwa lathu ndi mvula yathu, akhoza kutoledwa, kuyesedwa n'kubwezedwa kwa mlimi ali m'thumba.

Pamene zonsezi zinkachitika, nkhalango imene ikanatipatsa zoyesa inali kuchepa. Damu loyamba la Kamuzu linamangidwa ku Malingunde mu 1966, lachiwiri mu 1989. Koleji ya zaulimi ya Bunda inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1960 pafupi ndi Mitundu, ndipo mu 2012 inakhala yunivesite ya LUANAR. Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo pofika kalembera wa 2018 mumzindamo munali anthu pafupifupi 989,000, ambiri a iwo ophikira pa mbaula. Alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima fodya wa bale kuyambira 1990, zigafa zinafuna milimo ndi mitengo yambiri. Kafukufuku wa Patrick Kambewa ndi anzake wa 2007 anapeza kuti mizinda inayi ikuluikulu ya dziko lino inkagwiritsa ntchito matumba a makala oposa 6 miliyoni pa chaka. Amene anadutsapo msewu wa Bunda m'bandakucha anawaona anyamata akukankha njinga zosenza matumba atatu kapena anayi, thukuta lili kamukamu, kulowera ku Area 36 ndi Mchesi, ena kudzera ku Malingunde kupita ku Likuni ndi Chinsapo. Sindingawaloze chala iwo okha, pamene ndalama imene akuithamangira ikuchokera m'makhitchini mwathu m'tauni. Mu 2015 boma linatumiza asilikali a Malawi Defence Force kukalondera nkhalangoyi, Lilongwe Water Board ikuthandizapo, ndipo mu 2016 bungwe la JICA la ku Japan linayamba ntchito yothandiza kuisamalira. Lamulo la nkhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020.

Uvuni wa makala umawononga zoposa mitengo imene yaunjikidwamo. Wootcha amayala zipika, kufunditsa udzu ndi masamba, n'kukumba dothi lapamwamba mozungulira kuti akwirire muluwo, ndipo umafuka masiku angapo. Akaphwasula, pamatsala bwalo la dothi lopsa lofiira. Pamene mitengo yachoka dzuwa limafika pansi, mayani amauma, udzu umatalika, ndipo moto wa mu Okutobala, wa osaka mbewa kapena wa uvuni wophulika, umatentha kuposa kale. Mitengo ya miombo ndi yolimba mtima, zitsa zake zimaphukira, ndipo malo akasiyidwa zaka zingapo osapsa nkhalango imabwerera. Tikamawerenga kubwererako timawerenga mitengo. Mafangasi amene amadya tsamba la mtundu umodzi wokha, pa chinyezi cha pansi pa mthunzi, alibe chitsa chophukira. Amadalira kuti penapake pafupi patsale nkhalango yosapsa imene njere zawo zingaulukire kuchokerako. Zigwa za mitsinje ndi m'makwalala a mapiri, mmene moto sufika kawirikawiri, ndi malo ofunika kuwalondera koposa pa chifukwa chimenechi.

Wina akhoza kunena kuti ndiye tiyeni tikatute mayaniwo tithire m'madimba. Ayi. Kutola za m'nkhalango ya boma popanda chilolezo n'kulakwira lamulo, kusesa pansi pa mitengo n'kuilanda chakudya chake, ndipo muzu wowola ukhoza kubweretsa Armillaria yemweyo m'munda wa zipatso. Malo oyenera manyowa a mayani ndi nkhalango za m'midzi zija zinayamba mu 1926, zimene mafumu a kwa Chiseka, kwa Chadza, kwa Masula ndi kwa Masumbankhunda angathe kuzisunga ndi kuzikuza. Chimene wofufuza amafuna ku Dzalanyama n'chochepa kwambiri: masamba odzaza envulopu imodzi.

Ntchito yake yoyamba si yodula. Katsamba kamatsukidwa, kudulidwa tizidutswa, n'kuikidwa m'kambale kagalasi mmene muli chakudya chophikidwa ndi mbatatesi, shuga ndi agar. Pakapita masiku ochepa pamamera nkhungu zoyera, zobiriwira, zapinki, ndipo iliyonse imasamutsidwira m'kambale kakekake. Kenako mumatenga fangasi wa matenda, tinene wochokera pa mbande yowola ya ku Nathenje, kumuika mbali imodzi ya kambale, wa m'mayani mbali inayo, n'kudikira. Nthawi zambiri amangokumana pakati. Koma mwa apo ndi apo wa matenda amaima patali, pakati pawo n'kutsala kampata koyera kamene sakuyerekeza kuwoloka. Kampata kameneko ndi chizindikiro chakuti m'chakudyamo mwalowa mankhwala. Kuchokera apo ulendo ndi wautali, ndipo ambiri amagwera panjira ngati gliotoxin: kupatula mankhwalawo, kudziwa kapangidwe kake, kuyesa ngati savulaza munthu, njuchi ndi nsomba, kuona ngati apirira dzuwa. Komabe gawo loyambali wophunzira wa ku Bunda akhoza kuligwira, ndipo nkhalango ili chapafupi moti masamba otoledwa m'mawa angafike mu labotale tsiku lomwelo. Nyengo yake ndi ya mvula, Disembala mpaka Malichi, pamene misewu ya kumeneko ili matope okhaokha. Ofuna kupereka ndalama za ntchitoyi aziyambira pa galimoto yolimba ndi firiji imene siizima magetsi akathima, chifukwa fangasi wosasungidwa bwino amafa pamodzi ndi zonse zimene anthu anaphunzira pa iye.

Patsala nkhani ya umwini. Phindu la strobilurin linapita kwa amene anali ndi malabotale ndi ziphaso za umwini wa luso. Pangano la Nagoya la 2010, limene Malawi analivomereza, limati wotenga chamoyo m'dziko la eni ayambe wapempha, ndipo phindu likapezeka agawane ndi dzikolo ndi anthu amene nzeru zawo zinamuthandiza. Panganolo limagwira ntchito pokhapokha pali umboni wa kumene chinthu chinachokera. Choncho kambale kalikonse kochokera ku Dzalanyama kayenera kukhala ndi mnzake wosungidwa m'dziko muno, ndi pepala lolembapo tsiku, malo enieni, mtengo umene tsambalo linagwa, ndi mudzi wa mayi amene anatsogolera ofufuzawo kukafika pamalopo.